Msonkho wa PAYE: Kodi Ndi Wachilungamo, Nanga Umagwetsa Anthu Ulesi Pantchito? Mafunso ndi Mayankho

Mafunso awa sachoka pakamwa pa anthu apantchito. Amamveka kwambiri mu February ndi March pamene nduna ya zachuma ikuwerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo, kenako amabweranso kumapeto kwa mwezi uliwonse anthu akatsegula peyisilipi. Masamu onse ali m'munsimu atengera milingo ya msonkho yomwe idayamba kugwira ntchito mu April 2024. Milingo imasintha ndi bajeti, choncho musanakakangane ndi akauntanti wa kuntchito kwanu yambani mwafufuza milingo ya chaka chino ku bungwe lotolera misonkho la MRA. Chomwe sichisintha ndi kawerengedwe kake.

PAYE ndi chiyani, ndipo amadula ndani?

Ndi msonkho wa pa malipiro a munthu wolembedwa ntchito. Amadula ndi abwana anu malipiro asanafike m'manja mwanu, n'kukapereka ku bungwe lotolera misonkho la MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Simufunsidwa, simukaima pamzere, ndalamayo simuiona n'komwe. N'chifukwa chake boma limaukonda msonkho umenewu: sulira kuthamangitsa munthu.

Pa peyisilipi pamakhalanso 5 peresenti ya penshoni. Imeneyo si msonkho, ndi ndalama yanu yomwe ikusungidwa, ndipo lamulo limati abwana aonjezerepo 10 peresenti yawo. Ambiri akamadandaula kuti "boma latenga zonse" amakhala ataphatikiza PAYE, penshoni, ngongole ya ku banki ndi ya ku SACCO.

Amawerengera bwanji?

Ganizirani ndowa zondandalikidwa pansi pa mpopi, yoyamba ikadzaza madzi n'kumasefukira m'yachiwiri. Malipiro anu a pamwezi amathiridwa chimodzimodzi. Mwa milingo ya April 2024, ndowa yoyamba inali ya K150,000 ndipo sinkadulidwa kanthu. Yachiwiri inali ya K350,000 yotsatira, yodulidwa 25 peresenti. Yachitatu inali ya K2,050,000 yotsatira, pa 30 peresenti. Zonse zopitirira K2,550,000 zinkadulidwa 35 peresenti.

Tiyeni titenge munthu wolandira K1,000,000. Pa K150,000 yoyamba salipira kanthu. Pa K350,000 yotsatira alipira K87,500. Pa K500,000 yotsalayo alipira K150,000. Zonse pamodzi ndi K237,500. Anzake amati "uyu ali pa 30 peresenti", koma mukagawa bwinobwino zomwe wadulidwa sizikufika 24 peresenti ya malipiro ake onse. Kusiyana kumeneku, pakati pa mlingo wa ndowa yomaliza ndi gawo lenileni lomwe mwadulidwa, ndiko kumasokoneza mikangano yambiri ya msonkho.

Akandikweza malipiro n'kulowa mlingo wapamwamba, sindiye kuti ndizilandira zochepa kuposa kale?

Ayi. Bodza limeneli lafala kwambiri moti ena amaopa kukwezedwa pantchito. Mlingo wapamwamba umakhudza ndalama zokhazo zomwe zasefukira m'ndowa yatsopano, osati malipiro onse. Wolandira K500,000 ankadulidwa K87,500 n'kutsala ndi K412,500. Atamukweza kufika K520,000, K20,000 yoonjezerayo ndiyo inkadulidwa 30 peresenti, yomwe ndi K6,000. Ankatsala ndi K426,500. Wapindula K14,000. Kuchepa inde, koma kutsika ayi.

Ngati malipiro anu otenga kunyumba atsikadi mutakwezedwa, funafunani chifukwa kwina: mwina alawansi ina yachotsedwa chifukwa cha udindo watsopanowo, mwina ovataimu simukuyeneranso kulandira, mwina ngongole yayamba kudulidwa.

Bwanji wolandira zambiri amadulidwa peresenti yokulirapo? Si kulanga munthu wolimbikira kumeneku?

Maganizo a dongosololi ndi akuti kwacha si yofanana kulemera kwake m'matumba onse. K10,000 kwa mlonda ndi ndiwo za masiku angapo. Kwa mkulu wa kampani ndi mafuta oyendera tsiku limodzi, mwinanso osakwana. Mukawadula onse gawo lofanana, mlonda mwamulanda chakudya pamene bwana mwamulanda zapamwamba chabe. Ndiye amati aliyense asenze molingana ndi khosi lake.

Onani mmene zinkakhalira. Wa K200,000 ankadulidwa K12,500, kupitirira pang'ono 6 peresenti. Wa K300,000 ankadulidwa K37,500, yomwe ndi 12.5 peresenti. Wa K500,000 anali pa 17.5 peresenti. Wa K5,000,000 ankadulidwa K1,560,000, kupitirira pang'ono 31 peresenti.

Otsutsa ali ndi mfundo yawo ndipo si yopepuka. Amati dokotala adakhala zaka zambiri ku sukulu anzake akulandira kale malipiro, ndipo pa K100 iliyonse ya thukuta lake lomaliza boma likutengapo K30 kapena K35. Amati iyeyo sagona m'chipatala cha boma, ana ake saphunzira pa sukulu ya boma, ndiye akulipirira chiyani? Yankho lake ndi lakuti sukulu ya udokotalayo idamangidwa ndi misonkho, msewu womwe amayendamo ndi wa misonkho, ndipo odwala omwe amamupatsa ntchito ndi anthu omwewo. Komanso kulandira zambiri si umboni wa kulimbikira nthawi zonse. Wotchola tiyi ku Thyolo kapena wodula nzimbe ku Nchalo sagwira ntchito yopepuka kuposa wa mu ofesi.

Bwanji osangoika peresenti imodzi kwa aliyense?

Maiko ena adayesa. Estonia idayamba ndi 26 peresenti mu 1994, Russia idaika 13 peresenti mu 2001. Ubwino wake ndi kuphweka: aliyense amatha kudziwerengera, ndipo palibe chifukwa chogawa malipiro m'timagawo pofuna kuzemba mlingo wapamwamba.

Koma kuno funso limenelo lili ndi mbali yoseketsa, chifukwa milingo yathu ya 2024 inali kale pafupi ndi peresenti imodzi. Kuchoka pa 25 kufika pa 35 si mtunda wautali. Kalaliki amene wangodutsa kumene K150,000 ankadulidwa K25 pa K100 iliyonse yoonjezera, pamene mkulu wa banki wolandira mamiliyoni khumi ankadulidwa K35. Khwerero lalikulu kwambiri linali pansi, kuchoka pa ziro kudumphira pa 25, osati pamwamba. Zambia idasankha kuyamba motsikirapo: mu 2024 malipiro osapitirira 5,100 kwacha ya kumeneko sankadulidwa, kenako 20, 30 ndi 37 peresenti. South Africa imayambira pa 18 n'kukathera pa 45. Kwa ife, amene amamva kuwawa kwa mlingo ndi wa malipiro apakati: mphunzitsi, namwino, wapolisi, kalaliki.

Ndiye ngati milingo si yoipa kwenikweni, kusowa chilungamo kuli pati?

Kuli pa funso lakuti ukondewu ukugwira nsomba ziti. Anthu olembedwa ntchito ya malipiro apamwezi ndi ochepa kwambiri m'dziko muno. Unyinji uli kumunda, pa geni, pa kabaza, m'misika. Ambiri mwa iwo amapeza zochepa ndipo sakadafika n'komwe pa mlingo wodulidwa. Koma pakati pawo pali enanso amene amapeza zambiri kuposa mphunzitsi wamkulu kapena mkulu wa nthambi mu unduna.

Tengani anthu awiri okhala moyandikana ku Area 25 kapena ku Chilomoni. Mmodzi ndi namwino, mwezi uliwonse PAYE imachoka asanaione. Mnzakeyo ali ndi nyumba zisanu za lendi ndi minibasi ziwiri, zonse zolipidwa pamanja. Lamulo limati ndalama za lendi ndi phindu la bizinesi nazonso ndi zolipirira msonkho. Koma ngati mwiniwakeyo sadalembetse ku MRA, palibe peyisilipi yomuulula. Onse awiri amayenda pamsewu umodzi, akaberedwa amathamangira ku polisi imodzi. Wolipira ndi mmodzi.

Apa ndi pamene mawu oti boma likukama ng'ombe yoonda kale amakhala ndi tanthauzo. Si kuti ng'ombe zonenepa kulibe. Kungoti yoondayo ndi yomwe ili m'khola, yomangidwa kale chingwe. Ndipo bajeti ikaperewera, n'chapafupi kukoka chingwe chomwecho kusiyana ndi kulowa m'tchire kukasaka zinazo. MRA yayesapo njira zingapo, monga msonkho wodula pogula katundu kapena polipira lendi, makina otulutsa malisiti m'masitolo, ndi msonkho wongoyerekeza wa mabizinesi ang'onoang'ono. Komabe wa pa peyisilipi ndi yekhayo amene sangathe kubisa ngakhale tambala.

Ndiye kuti mlimi ndi wageni salipira msonkho?

Amalipira, ndipo wapantchito asamadzione ngati ndi yekha amene wasenza dziko. Aliyense wogula shuga, malata kapena batire amalipira VAT, yomwe kwa zaka zoposa khumi idakhala pa 16.5 peresenti. Mu mtengo wa mafuta a galimoto muli timisonkho tingapo, monga ka misewu ndi ka magetsi a kumidzi, ndipo timeneti timafika kwa gogo wa ku Nthalire kudzera mu mtengo wa minibasi ndi wa feteleza. Mayunitsi a foni ali ndi msonkho wake. Mayi wogulitsa tomato amadula tikiti ya khonsolo tsiku lililonse, kaya wagulitsa kaya sadagulitse. Mlimi wa fodya amadulidwa pa okushoni.

Misonkho ya pa zogula imalemera kwambiri kwa wosauka, chifukwa iye ndalama yonse yomwe wapeza amaigwiritsa ntchito, pamene wolemera ina amasunga. Choncho poyeza chilungamo musamangoyang'ana PAYE payokha. Munthu amene tikumudandaula m'funso lapitali si mayi wa tomato, ndi mwini nyumba zisanu uja.

Boma limalengeza kuti lakweza ndalama zosadulidwa msonkho. Bwanji m'thumba simusintha?

Chifukwa mitengo imathamanga kuposa malirewo. Mu 2019 malire anali K45,000. Mu 2020, boma la Tonse litangolowa, adakwezedwa kufika K100,000, ndipo anthu adaombera m'manja. Panthawiyo dola imodzi inali pafupifupi K750, kutanthauza kuti K100,000 inali madola opitirira 130. Malirewo adakhala pomwepo mpaka 2024. M'katimu kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Pofika kumapeto kwa 2023, K100,000 yomweyo inali madola osakwana 60 pa mtengo wa ku banki. Atakweza kufika K150,000 mu April 2024 idangofika pa madola osakwana 90. Pa pepala malire adakwera ndi theka, koma mphamvu yake yogulira zinthu inali isanabwerere pomwe idali mu 2020.

Choopsa chake n'chakuti msonkho umakwera mwakachetechete popanda phungu aliyense kukweza dzanja. Abwana akakuonjezerani malipiro kuti mungofanana ndi kukwera kwa mitengo, simudalemere, thumba la chimanga lomwe munkagula ndi lomwelo. Koma ndalama yoonjezerayo yonse imagwera m'ndowa yodulidwa, ndiye gawo lomwe boma likutenga limakula. Maiko ena adaika m'lamulo kuti malire azikwera okha chaka chilichonse molingana ndi mitengo. Kuno kukweza malire kumadikira bajeti, ndipo nduna imakulengeza ngati mphatso, chikhalirecho ikungobweza pang'ono zomwe kukwera kwa mitengo kudatenga kale.

Kodi kukweza malirewo kumathandizadi osauka?

Kumathandiza ena, koma osati osaukitsitsa. Mu 2024 malipiro ochepetsetsa ovomerezeka ndi boma anali K90,000. Wolandira ndalama imeneyo sankadulidwa PAYE ngakhale malire ali pa K100,000, ndiye kuwakweza sikudamupatse kanthu. Mlimi wa kumudzi chimodzimodzi. Ndowa zonse zitasunthidwa ndi K50,000, wa K200,000 adapindula K12,500 pamwezi, wa K1,000,000 adapindula K15,000, wa K5,000,000 adapindula K17,500. Poyerekeza ndi malipiro, phindu lalikulu lidapita kwa wa K200,000. Poyerekeza ndi makwacha enieni, bwana ndiye adatenga zambiri. Mabungwe a apantchito monga MCTU akamapempha malire okwera amakhala akulankhulira mamembala awo, ndipo ndi ntchito yawo, koma tisasokoneze zimenezo ndi kuthetsa umphawi wa kumudzi.

Kodi msonkho wokwera umachititsa anthu ulesi pantchito?

Funso limeneli ndiye mutu wa nkhani, ndipo yankho lake si lomwe mbali ziwiri zonsezi zimafuna kumva.

Msonkho umakoka munthu mbali ziwiri. Mbali ina umamuuza kuti ola loonjezera silikupindulitsa kwenikweni, bola kukapuma. Mbali inayo umamusiya ndi ndalama zochepa, ndiye kuti akwanitse lendi ndi fizi ayenera kugwira ntchito kwambiri kuposa kale. Kwa bambo kapena mayi amene akudyetsa banja, mbali yachiwiriyi nthawi zambiri ndiyo imapambana. Kunonso ntchito ndi yosowa. Palibe amene amasiya ntchito ya pa Capital Hill chifukwa cha PAYE pamene kunja kwa mpanda kuli achinyamata a madigiri akudikira mpando womwewo. Ndipo wapantchito wapamwezi sasankha maola ake: amalowa m'mawa, amaweruka madzulo, kaya msonkho ndi 25 kaya 35.

Chomwe msonkho umasintha si kuchuluka kwa thukuta koma komwe thukutalo limapita. Mphunzitsi amene akudziwa kuti ndalama yodzera pa peyisilipi idulidwa, pamene ya makalasi apadera a masana ilowa m'thumba yonse, mphamvu zake azisungira kuti? Makaniki wa pakampani amakonza galimoto za anthu pansi pa mtengo Loweruka. Wa mu ofesi ali ndi khola la nkhuku kuseri kwa nyumba ndipo foni ya oda imalira nthawi ya ntchito. Anthu amenewa si aulesi, ndi olimbikira kwambiri. Kungoti dongosolo limawauza kuti ntchito yoonekera ndi yodulidwa, yobisika ndi yaulere, ndipo iwo amamva.

Pali magulu omwe amasinthadi khalidwe chifukwa cha msonkho. Loyamba ndi la omwe ali ndi ufulu wosankha kugwira kapena kusagwira, monga namwino woganiza zotenga shifiti yoonjezera. Lachiwiri ndi la olemera omwe angathe kusintha dzina la ndalama yawo, kuilandira ngati phindu la masheya kapena ngati galimoto ndi nyumba ya kampani m'malo mwa malipiro. Lachitatu ndi la mabizinesi ang'onoang'ono omwe amaona kuti kulembetsa antchito kukuwabweretsera PAYE, penshoni ndi 1 peresenti ya maphunziro a ntchito zamanja (TEVET), ndiye amangowasunga ngati aganyu zaka ndi zaka. Otaya pamenepo ndi antchitowo, chifukwa amakalamba opanda penshoni.

Bwanji ovataimu ndi bonasi zimadulidwa kwambiri chonchi?

Sizikhala ndi mlingo wapadera. Zimaunjikidwa pamwamba pa malipiro a mweziwo, ndiye zimagwera m'ndowa yanu yomaliza popanda gawo laulere, poti K150,000 yaulere ija malipiro anu adaidya kale. Wolandira K600,000 akapanga ovataimu ya K40,000 ankatenga K28,000. Malipiro ake onse ankadulidwa pafupifupi 20 peresenti, koma ovataimuyo 30, ndipo diso limaona msanga kusiyanako. Apa ndi pamene kufooka kwa m'funso lapitali kumaonekera poyera, makamaka munthu akachotsanso ya thiransipoti yobwerera usiku.

Nanga maalawansi a maulendo ndi misonkhano?

Ndalama yogonera ndi kudyera paulendo wa ntchito imatengedwa ngati yobwezera zomwe munthu wawononga, osati malipiro. Palibe cholakwika pamenepo. Vuto limabwera pamene masiku atatu a msonkhano ku Mangochi kapena ku Salima akubweretsa ndalama yoyandikira malipiro a mwezi wathunthu, yosadulidwanso. Zikatero munthu wanzeru zake amayamba kusaka misonkhano m'malo mokhala pa desiki, ndipo mafayilo amadikira. Msonkho si umene udabala chikhalidwe cha maalawansi, kholo lake ndi malipiro ochepa. Koma umachithirira manyowa. Komanso maulendowo sagawidwa mofanana: amapita ndi akuluakulu, pamene mphunzitsi wa ku pulayimale ya kumudzi mwina chaka chimatha osaitanidwa ngakhale kamodzi.

Ndimasamala anthu khumi, mnzanga ndi mbeta. Bwanji timadulidwa mofanana?

PAYE imayang'ana munthu payekha, siwerenga pakamwa pomwe akudyetsa. Kwa ife kumene malipiro a munthu mmodzi amalipira fizi ya ana a malemu achimwene, mankhwala a amayi kumudzi ndi bokosi la maliro a msuweni, dandaulo limeneli ndi lomveka. Maiko ena amachotserako msonkho kapena kupereka ndalama pa mwana aliyense. Kuno kutsimikiza kuti uyu akulera yani kungakhale ntchito yaikulu, ndipo mungaganize nokha mmene ana amasiye a pa pepala angachulukire.

Palinso china. Banja lomwe bambo yekha amalandira K600,000 linkadulidwa K117,500. Banja lomwe bambo ndi mayi aliyense amalandira K300,000 linkadulidwa K75,000 onse pamodzi, chifukwa aliyense ali ndi ndowa yake yaulere. Ndalama yolowa m'nyumba ndi imodzimodzi, msonkho ukusiyana ndi K42,500. Ena amati n'kukondera. Koma mukaonetsetsa, dongosololi limalimbikitsa kuti mayi naye agwire ntchito, chifukwa malipiro ake sayamba kudulidwa pa mlingo wa mwamuna wake.

Akuti kutsitsa msonkho kumachulukitsa ndalama za boma. N'zoona?

Ganizoli limadziwika ndi dzina la katswiri wa zachuma wa ku America, Arthur Laffer, amene adalitchukitsa m'zaka za m'ma 1970. Mfundo yake ndi yosavuta: pa ziro peresenti boma silitolera kanthu, pa 100 peresenti silitoleranso kanthu poti palibe angagwire ntchito yaulere, ndiye penapake pakati pali nsonga yomwe ukaipitirira zotolera zimayamba kutsika. Palibe amatsutsa zimenezo. Mkangano uli pa komwe nsongayo ili.

Nthawi imeneyo milingo inalidi yoopsa. Ku Britain mlingo wapamwamba pa malipiro unali 83 peresenti, ndipo boma la Margaret Thatcher lidautsitsa kufika 60 mu 1979, kenako 40 mu 1988. Ku America unali 91 peresenti m'zaka za m'ma 1950. Kutsitsa kuchoka pamenepo ndi nkhani ina, kutsitsa kuchoka pa 30 kapena 35 ndi nkhani inanso. Wa PAYE sangazembe, ndiye mukamutsitsira mlingo palibe ndalama yobisika yomwe itulukire poyera. Boma lingotolera zochepa. Kumene mfundo ya Laffer ingagwireko kuno ndi kwa amalonda ndi pa zipata za m'malire, komwe munthu amayezadi ngati kulipira kuli kotchipa kuposa kuzemba.

Bwanji osangokweza msonkho wa mabwana okhaokha?

Zayesedwapo. Mlingo wa 35 peresenti udabwera mu bajeti ya 2017 pa malipiro opitirira K3 miliyoni. Mu 2021 padaonjezedwa wa 40 peresenti pa opitirira K6 miliyoni, ndipo mu 2023 udachotsedwa. Mlingo wapamwambawu umakwera ndi kutsika malinga ndi nduna komanso njala ya bajeti. Pa chilungamo uli ndi tanthauzo, chifukwa wapansi akaona kuti wapamwamba naye akumva kuwawa mtima umakhalako pansi. Koma anthu olandira malipiro otere ndi ochepa, ndipo monga tanenera pa funso la ulesi, ndi omwenso ali ndi akatswiri owathandiza kusintha dzina la ndalama. Olemera enieni a dziko lino chuma chawo sichidzera pa peyisilipi. Chili m'malo, m'nyumba, m'makontena ndi m'makontirakiti.

Anamwino ndi madokotala akupita kunja. Akuthawa msonkho?

Ayi, akutsata malipiro, zipangizo ndi ndalama yosagwa mphamvu. Kumene akupitako msonkho ndi wowawanso. Ku England ndalama yosadulidwa ndi £12,570 pachaka, kenako 20, 40 ndi 45 peresenti, kuphatikizapo National Insurance (yothandizira penshoni ya boma) ndi msonkho wa khonsolo. Malire a kumeneko nawonso akhala osasuntha kuyambira 2021, moti abale athu a ku Manchester ndi Leicester akudandaula nyimbo yomweyo ya kukwera kwa mitengo. Kusiyana kwake n'kwakuti akadwala chipatala chili ndi mankhwala, ndipo zotsala akazitumiza kumudzi zimamanga nyumba.

Kodi msonkho ndi ntchito zidayamba liti kulumikizana m'dziko muno?

Kuyambira pachiyambi penipeni, ndipo mosemphana ndi mkangano wa lero. Lero timafunsa ngati msonkho ukufooketsa anthu. Atsamunda ankaugwiritsa ntchito pokakamiza anthu kukalembedwa ntchito. Harry Johnston atakhazikitsa ulamuliro wa Britain mu 1891 adabweretsa msonkho wa nyumba, womwe pofika 1894 unali masheleni 3 pachaka. Makolo athu anali ndi chakudya m'nkhokwe koma analibe ndalama ya mzungu, ndipo njira yoipezera inali kukagwira ntchito m'minda ya azungu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 adafika poika poyera: wogwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira masheleni 3, wokana ankalipira 6. Wolephera ankatenthedwa nyumba, nthawi zina mkazi wake n'kugwidwa mpaka mwamuna atapezeka. Pamodzi ndi thangata, zimenezi zinali m'gulu la madandaulo omwe adafikitsa John Chilembwe pa kuukira kwa January 1915. Msonkho womwewo ndi umodzi mwa zomwe zidatumiza amuna ambiri ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni, ena n'kukhala matchona.

Msonkho wa mutu udapitirira ngakhale titalandira ufulu, ndipo achikulire amakumbukira kuthawira m'tchire amesenjala akafika m'mudzi kudzafunsa chiphaso. Unali wofanana kwa mwamuna wamkulu aliyense, wolemera ndi wosauka. Amene amalakalaka msonkho wofanana kwa onse azikumbukirako mbiri imeneyi.

Ndalama zake zimangobedwa. Ndilipirirenji?

Mwa madandaulo onse ili ndiye lolemera. Mu 2013 dziko lidaona Cashgate, ndalama za boma zikupezeka m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za anthu, ndipo kafukufuku woyamba wa kampani ya Baker Tilly adapeza kuti pafupifupi K13 biliyoni idasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Wapantchito amene amadulidwa mwezi ndi mwezi, akapita ku chipatala n'kuuzidwa kuti akagule yekha mankhwala ku famase, amalipira kawiri. Amalipiranso sukulu yapulaiveti, mlonda wa usiku, thanki ya madzi ndi sola. Kufooka kwenikweni kumachokera apa, osati pa kusiyana kwa 25 ndi 30.

Komabe ndalama yomweyo ndi imene imalipira aphunzitsi, anamwino ndi apolisi, ndipo gawo lalikulu la bajeti limapita ku chiwongoladzanja cha ngongole zomwe boma lidatenga chifukwa zotolera sizikwana. Wozemba msonkho salanga wakuba. Amangochititsa kuti chingwe cha ng'ombe ya m'khola ija chikokedwenso.

Amaika milingo ndani, nanga munthu wamba angalankhulepo kuti?

MRA imangotolera, siika milingo. Gawo 171 la malamulo aakulu a dziko lino limati msonkho uliwonse uyenera kukhazikitsidwa ndi lamulo. Nduna ya zachuma imabweretsa ganizo mu bajeti, aphungu amakambirana n'kusintha lamulo la misonkho, ndipo nthawi zambiri milingo yatsopano imayamba ndi chaka cha boma pa 1 April. Bajeti isanalembedwe unduna umachititsa misonkhano yomva maganizo ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Kumeneko mabungwe a olemba ntchito, a amalonda ndi a maakauntanti safika chimanjamanja, amabwera ndi mapepala ndi masamu. Apantchito wamba mawu awo amadzera ku mabungwe awo ndi kwa phungu wa dera lawo.

Ndikukayika ngati abwana anga amaperekadi ku MRA zomwe amandidula. Nditani?

Zimachitika, makamaka m'makampani omwe ndalama zikuwavuta: pa peyisilipi PAYE yadulidwa, koma ku likulu la MRA, Msonkho House, sikudafike kanthu. Sungani mapeyisilipi anu onse. Chaka cha msonkho chikatha, kapena mukamasiya ntchito, pemphani fomu ya P9, yomwe imaonetsa malipiro anu onse ndi msonkho womwe mwadulidwa. Werengeraninso nokha mwezi umodzi kapena iwiri potsata njira ya ndowa ija. Mukapeza kusiyana yambani mwafunsa ku ofesi ya malipiro, poti nthawi zina kumakhala kulakwitsa chabe, monga kugwiritsabe ntchito milingo ya chaka chatha. Akakuyankhani mozungulira, pitani ndi mapepalawo ku ofesi ya MRA yomwe muli nayo pafupi. Udindo wopereka ndalama yomwe yadulidwa kale ndi wa olemba ntchito, ndipo chilango cha kuchedwetsa chimagwera iwo. Ku kampani yosunga penshoni yanu kafunseninso sitetimenti, chifukwa bwana amene wadya PAYE kawirikawiri 5 peresenti ija saisiya.